Chimene chaimika nyumba zakale za ku Brighton

Amene anaonapo zithunzi za Brighton, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa England, akudziwa mizere ya nyumba zoyera zosanjikizana kanayi kapena kasanu, zamakhonde achitsulo, zonse zoyang'ana kumadzi. Poziona munthu amayesa ndi zamiyala yosema, pamene kunja kwake ndi pulasitala wojambulidwa mizere kuti azioneka ngati miyala. Mukagumula pulasitalayo, makamaka m'makoma a kuseri ndi a m'mbali, mumapeza laimu wosakaniza ndi nsangalabwi za pagombe, zibenthu za njerwa, choko, ngakhale tizidutswa ta matabwa. Nyumba zomangidwa motchipa chonchi zatha zaka pafupifupi 200 zikuombedwa ndi mphepo yamchere, ndipo zimene zaima bwino ndi zimene eni ake anasamala kuti madzi asalowe m'khoma, ndiponso kuti olowa kale apeze potulukira. Nkhani iyi ikukhudza amisiri ndi eni nyumba zakale kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu kuposa mmene ambiri angaganizire.

Brighton ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku London, ulendo wa ola limodzi pa sitima. Kale unali mudzi wa asodzi wotchedwa Brighthelmstone, ndipo kaundula wa mfumu wa mu 1086 analemba kuti unkapereka msonkho wa nsomba 4,000. Asilikali a ku France anautentha mu 1514. Asodzi ambiri ankakhala pagombe penipeni, kumunsi kwa chiphedi, mpaka namondwe wa mu 1703 ndi wina wa mu 1705 anakokolola nyumba zawo. Katauni kakale kanali kozingidwa ndi misewu 4. East Street, West Street ndi North Street ilipo mpaka lero, koma South Street yoyambirira inapita ndi nyanja.

Mkati mwa misewu itatu yotsalayo muli dera lotchedwa The Lanes, lodzaza ndi tinjira topapatiza tokhotakhota, tina toti anthu awiri sangapatukane osatembenuza mapewa. Nyumba zake zambiri ndi za m'ma 1700 ndi m'ma 1800, koma zinamangidwa potsata malire akale, choncho njirazo n'zakale kuposa nyumbazo. Kupapatizako kunali ndi phindu: mphepo yochokera kunyanja imathyoka pa ngodya iliyonse. Nyumba yakale kuposa zonse pakati pa tauni ndi tchalitchi cha St Nicholas, chomangidwa m'zaka za m'ma 1300 pakaphiri kunja kwa mudzi, ndipo mkati mwake muli mwala wobatizira wa m'ma 1170.

Kumpoto kwa North Street kuli dera la North Laine, kumene misewu ndi yowongoka, yopapatiza, yondondozana mothinana. Amene anailinganiza sanali katswiri wa mapulani. Malowo anali minda ikuluikulu yogawidwa m'timizere titalititali topyapyala, kamzere kalikonse mwini wake. Womanga ankagula timizere tingapo toyandikana, n'kudutsitsa msewu pakati, n'kumanga nyumba uku ndi uku. Njira zimene alimi ankadzera popita kuminda zinasanduka misewu yopingasa monga Trafalgar Street, Gloucester Road, North Road ndi Church Street. Pamene womanga anapeza timizere tochepa, nyumba zinkagundana misana popanda bwalo lokwanira chimbudzi kapena poyanika zovala, ndipo madera ena otere, monga Carlton Hill, anadzagwetsedwa m'ma 1930 chifukwa cha matenda ndi kuthinana. Malire a munda akangosanduka msewu sasinthikanso. Amene akugawa mapuloti m'mphepete mwa M1 pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off kapena pa Linthipe ayenera kuliganizira zimenezi asanakhome chikhomo choyamba, chifukwa nyumba idzagwa n'kumangidwanso koma kanjira ka mamita 2 kadzakhala ka mamita 2 kwa zidzukulu.

Mudzi wa asodziwu unasanduka tauni ya alendo chifukwa cha dokotala wa ku Lewes, Richard Russell, amene mu 1750 anafalitsa zoti kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja kumachiza matenda ena. Olemera anayamba kubwera. Akazi a asodzi anapeza ntchito yomiza alendo m'madzi, ndipo wotchuka mwa iwo, Martha Gunn, anamwalira mu 1815 n'kuikidwa pa St Nicholas. Mwana wa mfumu, amene anadzakhala George IV, anafika koyamba mu 1783, ndipo kumene kwapita mwana wa mfumu kumapitanso aliyense wofuna kuonedwa. Mu 1801 tauniyi inali ndi anthu opitirira pang'ono 7,000. Pofika 1831 anali oposa 40,000. Njanji ya ku London itatsegulidwa mu 1841 anayamba kubweranso anthu wamba ocheza tsiku limodzi, ndipo mu 1901 okhalamo anaposa 120,000.

Nyumba zinkafunika zambiri, msangamsanga. Koma mapiri a kumeneko, South Downs, ndi a choko, mwala wofewa wosathandiza kumangira kunja. Njerwa zinali ndi msonkho kuyambira 1784 mpaka 1850. Chimene chinali chaulere ndi mwala wolimba wakuda mkati wotchedwa flint, umene umapezeka m'choko ndiponso unadzaza gombe lonse ngati nsangalabwi, ndi choko chomwecho chimene ukachiwotcha chimapereka laimu. Amisiri anatenga ziwirizi n'kupanga khoma lotchedwa bungaroosh.

Mamangidwe ake amafanana ndi nyumba ya mdindo. Ankaimika matabwa mbali ziwiri, n'kuthira matope a laimu ndi mchenga pakati, n'kumizamo miyala, zibenthu za njerwa ndi chilichonse chotsala pamalopo. Gawolo likagwira ankakweza matabwa n'kuthiranso. Njerwa zabwino ankazisungira m'ngodya, m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, ndi pa chumuni. M'kati mwa khoma ankagonekamo mitengo yopingasa kuti akalipentala apeze pokhomera misomali. Maziko anali osazama. Kenako pulasitala kunja ndi mkati, ndipo palibe ankaona chimene chili pakati.

Kufooka kwa khomali kumachokera pa mwalawo. Flint samwa madzi, ndipo nsangalabwi ya pagombe ndi yosalala, choncho laimu saigwira, amangoikuta. Mphamvu yonse ya khoma ili mwa laimu. Akanyowa nthawi yaitali amafewa n'kuyamba kukokoloka, miyala n'kutsala ikugwedera. Mitengo yogonekedwa ija ikawola imasiya mphako yaitali, ndipo khoma la pamwamba pake limatsamira pa mpweya. Ngakhale kupachika shelefu n'kovuta: chobowolera chikagunda flint chimaterereka n'kukumba dzenje lalikulu pambali, chikagunda laimu chimalowa mosavuta koma sikuluu sagwira. Odziwa amafufuza mzere wa njerwa kapena mtengo, apo ayi amakhoma thabwa lalitali pamalo angapo kuti kulemera kugawike.

Mdani wamkulu wa makoma amenewa anabwera m'thumba la simenti. Simenti ya Portland inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin mu 1824, koma inafala pokonza nyumba m'zaka za m'ma 1900. Mwini nyumba akaona pulasitala wakale akugwa ankaitana mmisiri, mmisiri n'kumata simenti yolimba, n'kupaka penti wosalowa madzi. Chaka choyamba zimaoneka zatheka. Koma khoma la laimu limasuntha pang'ono ndi kutentha ndi kuzizira, pamene simenti sipindika. Imang'ambika timing'alu tosaoneka bwino. Mvula yoombedwa ndi mphepo imalowa m'timing'aluto, ndipo ikalowa siingatulukenso kunja chifukwa simenti ndi penti zatseka. Madzi amatsika ndi khoma, amafewetsa laimu, amawoletsa mitu ya mitanda ya pansi pa chipinda chapamwamba, n'kudzatulukira mkati ngati mabanga akuda ndi penti wotukuka. Mchere umene unali m'madzimo umauma pansi pa pulasitala n'kumamukankha. M'nyengo yozizira madzi otsekeredwawo amaundana, amafufuma, n'kuthyola nkhope ya khoma. Mukagogoda pulasitala wotere ndi chigwiriro cha chipande amalira ngati mulibe kanthu kuseri, ndipo pomuchotsa amachoka ndi miyala ya khoma lenilenilo.

Kukonza koyenera kumafuna nthawi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amakuthawa. Choyamba ndi kupeza kumene madzi akuchokera, pakuti kumata khoma pamene gatala akudontha ndi kutaya ndalama. Kenako simenti imachotsedwa ndi tchizulo chapamanja, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, osati ndi makina ogwedeza. Mphako zimadzazidwa ndi njerwa zofewa ndi matope a laimu, kuyambira pansi kukwera.

Laimu wake amakonzedwa motere. Wowotchedwa kumene amathiridwa m'madzi a m'dzenje kapena m'mgolo wachitsulo, laimu kupita m'madzi, osati madzi kupita pa laimu. Amawira kwambiri ndipo amawotcha khungu ndi maso, choncho magalasi ndi magolovesi si zokongoletsa. Phalalo limasefedwa, n'kusungidwa pansi pa madzi pang'ono kwa miyezi 3, kuti tizidutswa tosazimika tisadzaphulike m'khoma n'kusiya timaenje. Muyezo wofala ndi gawo 1 la laimu pa magawo 3 a mchenga wamagwaragwara wotsukidwa, wa timiyala tosiyana kukula. Mchenga wosalala wofanana umapereka pulasitala wong'ambika, ndipo wa kunyanja wosatsuka umalowetsa mchere. Madzi owonjezera akhale ochepa kwambiri: laimu amafewa ndi kupondedwa ndi kutembenuzidwa, ndipo matope amadzimadzi amanyala pouma. M'zigawo zoyamba amasakanizamo ubweya wa mbuzi, ng'ombe kapena hatchi kuti pulasitala agwirane.

Khoma limanyowetsedwa dzulo lake ndiponso pa tsikulo, kuti lisayamwe madzi a m'matope. Chigawo choyamba chimaponyedwa mwamphamvu, chosaposa mamilimita 10 mpaka 12, n'kukandwa mizere yopingasana chikayamba kugwira. Pamapita sabata kapena kuposa, mpaka chala chisamabowole koma chikhadabo chizitha kulemba. Chigawo chachiwiri chimawongola khoma, chachitatu chopyapyala cha mchenga wosalala chimatsiriza, ndipo chigawo chilichonse chisakhale cholimba kuposa chimene chili pansi pake. Laimu salimba chifukwa chouma. Amalimba pokoka mpweya wa kaboni pang'onopang'ono ali ndi kachinyontho, mpaka kubwerera kukhala mwala umene anachokera. Akauma msanga ndi dzuwa kapena mphepo amasanduka fumbi loyoyoka ndi dzanja, n'chifukwa chake amamuphimba ndi ziguduli zonyowa masiku angapo. Kukazizira pansi pa madigiri 5 ntchito imaima. Pamwamba amapaka laimu wamadzi wosungunula kwambiri, kanayi kapena kasanu, tsiku limodzi pakati, pa khoma lonyowetsedwa. Wolimba wopakidwa kamodzi amasuwa ndi kudetsa zovala.

Si nyumba zonse zili ndi pulasitala. Tinyumba tina ta asodzi tili ndi nsangalabwi zoonekera, zoyalidwa m'mizere n'kupakidwa phula lakuda kuti mvula iziterereka. Pa Royal Crescent, mzere wa nyumba 14 umene unayambidwa mu 1798, makoma amaoneka ngati njerwa zakuda zonyezimira koma ndi matailosi otchedwa mathematical tiles, okhomedwa pa matabwa mosanjikizana, lililonse kuphimba msomali wa la pansi pake, mipata n'kumatidwa kuti zifanane ndi njerwa. Ndi opepuka ndipo amakana mchere bwino. Amagwa misomali ikadyedwa ndi dzimbiri kapena matabwa a kuseri akawola, ndipo limodzi likasweka kulisintha kumafuna kumasula oyandikana nalo.

Mizere ikuluikulu imene imajambulidwa kwambiri ndi ya Kemp Town kummawa, yoyambidwa mu 1823 ndi Thomas Read Kemp, ndi ya Brunswick Town ku Hove kumadzulo, ya m'zaka zomwezo. Mapulani ake anakhudza Charles Busby ndi Amon Wilds. Ku Kemp Town ankamanga nkhope ya nyumba ndi chigoba chake, wogula n'kudzamalizitsa mkati yekha, ndipo nyumba zina zinakhala zigoba zaka zambiri. Kemp anamira m'ngongole n'kuthawira ku France mu 1837. Nyumba iliyonse inali ndi khitchini pansi pa nthaka, kosungira malasha kunsi kwa njira ya oyenda pansi kokhala ndi chivindikiro chachitsulo pamsewu, chipinda chochezera pa nsanja yoyamba cha mawindo aatali ndi khonde, antchito kudenga, ndi makola a mahatchi m'kamsewu ka kuseri.

Pofuna kuti mzere wonse uzioneka ngati nyumba imodzi yachifumu, denga analibisa kuseri kwa kakhoma kotalikirapo. Apa ndi pamene ndimawadandaula amisiri aja, chifukwa anagula kukongola ndi mavuto a zaka 200. Denga lopanda mlomo wotulukira kunja limasiya khoma lonse pamvula, ndipo madzi ake amasonkhana m'ngalande ya mtovu kuseri kwa kakhomako kapena pakati pa madenga awiri. Masamba kapena chisa cha mbalame za kunyanja chikatseka potulukira, madzi sasefukira mumsewu, amasefukira m'nyumba, ndipo palibe amaona ali pansi. Mtovu nawo umafutukuka ndi kutentha, choncho umayalidwa m'zidutswa zazifupi zolumikizana pa timasitepe. Chidutswa chachitali kwambiri kapena chokhomedwa mbali zonse chimakwinyika n'kung'ambika. Ngalande zotere zimafuna kuyeretsedwa kawiri pa chaka. Lero nyumba zambiri zinagawidwa m'mafulati, ndiye wokhala pansi saona chifukwa cholipirira denga, wokhala pamwamba saona chifukwa cholipirira chinyontho cha pansi, madzi ali mkati kugwira ntchito yawo.

Mawindo ake ndi a zigawo 2 zotsetsereka chokwera ndi chotsika. M'mbali mwa felemu muli kabokosi kobisika momwe mumalendewera chitsulo cholemera mofanana ndi chigawo cha windo, chomangidwa ku chingwe chodutsa pa kagudumu. Mukatsegula pang'ono pamwamba ndi pansi, mpweya wotentha umatulukira pamwamba, wozizira n'kulowera pansi. Chingwe chikaduka amachotsa kathabwa ka m'mbali, amatsegula kachitseko ka m'bokosimo, n'kumanga china. Mukaika galasi lolemera kuposa lakale windo limagwa lokha mpaka muwonjezere zitsulo. Kuwola kumayambira pa thabwa la pansi ndi m'munsi mwa felemu, pamene penti wang'ambika kapena kamzere kodonthetsa madzi ka kunsi kwa thabwalo katsekedwa ndi penti. Mmisiri wabwino amadula powola pokha n'kulumikiza thabwa latsopano, chifukwa matabwa akalewo, a mitengo yokula pang'onopang'ono, ndi olimba kuposa ogula lero.

Ngakhale nyumba ya mfumu sinapulumuke. Royal Pavilion inayamba ngati nyumba yapakatikati imene Henry Holland anaikuza mu 1787, kenako John Nash anaisintha pakati pa 1815 ndi 1823 kukhala ya madenga obulungira a chimwenye kunja ndi zokongoletsa za chitchaina mkati. Pofuna kuti denga lalikulu lapakati lisaphwanye nyumba yakaleyo, Nash anaimika chigoba chachitsulo pamwamba pake. Pulasitala wapadera amene anamata padenga anayamba kudontha patangopita zaka zochepa, mpaka mbali zina anaziphimba ndi mkuwa. Mapaipi a madzi a mvula anawabisa mkati mwa makoma kuti asaipitse maonekedwe, ndipo atatsekeka ananyowetsa matabwa kwa zaka popanda woona, bowa wowoletsa matabwa n'kufalikira. Mfumukazi Victoria sanaikonde nyumbayi ndipo tauni inaigula mu 1850 pa mapaundi 53,000. Kuyambira 1914 mpaka 1916 inali chipatala cha asilikali a ku India ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chipinda cha nyimbo chinatenthedwa mu 1975, ndipo atangomaliza kuchikonza, namondwe wa mu 1987 anagwetsa mpira wamwala wa pa kansanja kena, n'kubowola denga mpaka kumira m'kapeti watsopano.

Chitsulo chili ndi nkhani yake. Cha m'makhonde ndi m'mipanda n'chamitundu iwiri. Chosungunula n'kuthira m'chikombole chimapirira kulemera kochokera pamwamba koma chimathyoka mwadzidzidzi chikakokedwa kapena kupindidwa. Chosula chimapindika koma chimachita dzimbiri losanjikizana. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, motero mutu wa chitsulo womizidwa m'khoma ukachita dzimbiri umang'amba mwala kapena pulasitala wouzungulira. Mng'alu wochokera pamene chitsulo chalowa m'khoma ndi chizindikiro chimenecho. Akale ankathira mtovu wosungunula m'dzenje la mwala kuzungulira phazi la mpanda kuti madzi asafike ndiponso chitsulo chipeze pofutukukira. Pokonza amapala mpaka chitsulo chiwale, n'kupaka penti woyamba wa zinki tsiku lomwelo, chifukwa mumphepo yamchere dzimbiri limabwerera usiku umodzi, kenako zigawo zina 2 kapena 3. Kupaka pamwamba pa dzimbiri kumangolifunditsa. Chitsulo cha m'chikombole chikasweka sichikonda kuwotcherera, pakuti kutentha kwa mbali imodzi kumang'amba pena, choncho amabowola timaenje mopingasa mng'alu n'kukhomamo tizitsulo tolumikiza popanda moto.

Milatho yolowa m'nyanja, imene anthu amapitako kukayenda ndi kusangalala, ikuonetsa zotsatira zake poyera. Chain Pier ya mu 1823 inagwetsedwa ndi namondwe mu 1896. West Pier ya mu 1866, ya Eugenius Birch, inaima pa mizati yachitsulo yopotokoleredwa pansi pa nyanja ngati sikuluu. Inatsekedwa mu 1975 ndalama zokonzera zitasowa, mbali ina inagwa mu 2002, moto unaitentha kawiri mu 2003, ndipo chatsala ndi chigoba chakuda m'madzi, ngakhale inali pa mndandanda wapamwamba kwambiri wa nyumba zotetezedwa. Palace Pier ya mu 1899, ya mamita oposa 500, ikugwirabe ntchito chifukwa imapeza ndalama ndipo opaka penti sachokapo. Kummawa kwake kuli Madeira Terrace, khonde lachitsulo la mamita 865 ndi zipata zokhota 151, lomangidwa m'ma 1890. Linamangidwa popanda mipata yokwanira yoti chitsulo chizifutukukira, madzi analowa m'konkire ya pamwamba n'kudya mitanda yobisika, ndipo linatsekedwa ndi mpanda kwa zaka zambiri. Pafupi pomwepo kasitima ka magetsi ka Magnus Volk, koyambidwa mu 1883, kakuyendabe.

Lamulo la ku England limaika nyumba zofunika m'magulu 3, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo kusintha mawindo, kugumula khoma la mkati kapena kuchotsa chokongoletsa popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu. Kuyambira 1967 dera lonse likhozanso kutetezedwa, osati nyumba imodzi yokha. Ku Brunswick kuli lamulo la mu 1976 lokakamiza eni nyumba kupaka penti wa mtundu umodzi zaka 5 zilizonse, ndipo phindu lake lenileni n'lakuti makwerero akaimikidwa munthu amaona ming'alu ndi magatala ali pafupi. West Pier ikusonyeza kuti dzina pa mndandanda silitseka denga lodontha.

Kwathu kuno tili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006. Koma nyumba zathu zakale n'zambiri kuposa zolembedwa. Mishoni ya Nzama ku Ntcheu inayamba mu 1901, ya Mua ku Dedza mu 1902, ndipo kuyambira nthawi imeneyo m'maboma awiriwa munamangidwa matchalitchi, masukulu, nyumba za aphunzitsi, masitolo ndi nyumba za boma. Zambiri za m'nthawi imeneyo ndi za njerwa zofewa zowotcha ndi nkhuni, zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu wochepa. Mchere wa m'nyanja tilibe, koma tili ndi mvula yamphamvu kuyambira Disembala mpaka Malichi, nkhungu ya m'mapiri ya Juni ndi Julaye imene imasiya khoma lonyowa mpaka masana, ndi chiswe chimene chimalondola chinyontho. Khoma lotere likamatidwa simenti ya gawo 1 pa magawo 3 a mchenga kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kupakidwa penti wa mafuta, limadwala matenda omwe aja: njerwa zimanyenyeka kuseri kwa simenti, ndipo mizere ya simenti yomatidwa pakati pa njerwa imatsala itatuluka pamene njerwazo zadyeka.

Pa chinthu chimodzi akale athu anaposa a ku Brighton: anamanga khonde lozungulira ndi denga lotulukira kutali, moti mvula sinkafika pakhoma. Wokonza nyumba yotere asadule khonde kapena kulitseka kuti apezepo chipinda. Ayambe ndi malata ndi misomali yake, mitu ya phaso, ndi polumikizana denga ndi chumuni. Atsitse dothi limene launjikana m'mbali mwa khoma mpaka likhale masentimita 15 kunsi kwa pansi pa nyumba, ndipo nthaka ipendekere kunja kuti madzi azithawa. Ngalande ikhale pamene madontho a denga amagwera, yotalikirana ndi maziko, chifukwa madzi odumpha kuchokera pansi ndi amene amadya mizere itatu kapena inayi yoyamba ya njerwa. Timabowo tolowetsa mpweya kunsi kwa matabwa a pansi ndi m'mwamba mwa makoma titsegulidwe. Pokonza mizere ya pakati pa njerwa, akokole matope akale kuzama kawiri kukula kwa mzerewo, anyowetse, n'kudinda matope a laimu ofewa kuposa njerwa, kuti chodyeka chikhale matope amene amabwezeretseka.

Laimu wa m'thumba wogulitsidwa m'mahadiweya amathandiza ngati ndi womangira ndipo ndi watsopano. Wa kumunda wothira m'nthaka ndi mwala wongogaya, sagwira konse. Wa thumba lotseguka kalekale anakoka kale mpweya ndipo wafa. Womangirayo muviike m'madzi kwa tsiku limodzi kapena kuposa musanasakanize ndi mchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo yesani kaye pa kachigawo ka mita imodzi kuseri kwa nyumba, mudikire masabata 2, muone ngati sakuyoyoka. Nyengo yabwino ya ntchitoyi kuno ndi Epulo ndi Meyi, mvula itatha, kuzizira kwa Juni kusanafike, ndipo mu Okutobala dzuwa limaumitsa pulasitala wa laimu lisanathe tsiku pokhapokha mumuphimbe ndi ziguduli n'kumawaza madzi m'mawa ndi madzulo.